Mwendo Ukadulidwa, Munthu Amatsala Yense



Sabata ino tipatuka pang'ono pa buku lathu kuti tiwerengere limodzi nkhani imene ili pakati pathu kale, ngakhale sitiikamba kawirikawiri. Pafupifupi m'dera lililonse muli munthu amene anapita ku chipatala ndi miyendo iwiri nabwerako ndi umodzi. Wina ndi matenda a shuga: kabala kakang'ono ka kuphazi, kolasidwa ndi minga kapena kotupsidwa ndi nsapato yothina, kanakana kupola mpaka phazi linayamba kuda ndi kununkha. Wina anali pa kabaza, nawombana ndi galimoto. Wina anagwidwa ndi ng'ona akuchapa kapena akuwedza mu Shire. Wina ali ndi matenda akugwa ndipo anagwera pamoto kunyumba kulibe munthu. Palinso khansa, palinso njoka. Abale athu a ku Mozambique akudziwa njira inanso, ya mabomba okwirira pansi amene nkhondo inasiya. Dziko lawo linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa onse amene ankadziwika, koma amene anawaponda akadali ndi moyo, ndipo miyendo yawo sinabwerere.

Funso lathu lero si lakuti mwendo unapita bwanji. Funso ndi lakuti: akatuluka m'chipatala, bala litapola, achibale amene anabwera kudzamuzonda atabalalika, munthu uja moyo wake umakhala wotani? Nanga ndani amene amaupangitsa kukhala wotero?

Pamene mpeni wa dokotala sufika

M'buku loyamba la maphunziro athu, pa gawo lonena za moyo ndi imfa, tinaphunzira kuti mzimu wa munthu suli m'thupi monga madzi akhalira mumtsuko. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti kufooka ndi matenda a thupi siziufika mzimu. Iye anayerekeza ndi dzuwa limene mitambo yaliphimba: ife pansi pano tikuona mdima, koma kuwala kwa dzuwalo sikunachepe. 'Abdu'l-Bahá anabwereranso ku nkhani yomweyi pa zokambirana za pa chakudya ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, poyankha mafunso a Laura Clifford Barney. Iye anafotokoza kuti thupi likhoza kuwonda kapena kunenepa, kudwala kapena kuchira, ngakhale kutaya manja ndi miyendo, mzimu n'kukhalabe monga unalili. Onani kuti sanazembe nkhani yathuyi. Anaitchula mwachindunji.

Tanthauzo lake ndi lakuti dokotala akadula mwendo pansi pa bondo, sadulako gawo la chilungamo cha munthuyo. Nzeru zake, kukhulupirika kwake, luso lake loweruza nkhani pakati pa anthu okangana, nthabwala zake, ngakhale kukwiya kwake msanga, zonsezi zimabwerako ku chipatala zathunthu. Ndipo funso limene odulidwa ambiri amadzifunsa usiku, osalinena kwa munthu, lakuti kodi kumene tikupita ndikafikako wa mwendo umodzi, lili ndi yankho. Dziko likudzalo si la minofu ndi mafupa. Thupi limabwerera kudothi, kaya lonse pamodzi kaya mwendo utatsogola, ndipo mzimu umapitirira ndi zimene unasonkhanitsa: chikondi, kudekha, kuona mtima, utumiki.

Pano tichenjezane pang'ono, makamaka ife amene timatsogolera magulu ophunzira. Timakonda fanizo la mwana wa m'mimba, amene amamera maso, manja ndi miyendo zimene adzagwiritse ntchito akabadwa, monga ifenso tikumera makhalidwe auzimu amene tidzawafune kutsogoloko. Fanizoli n'labwino ndipo n'lochokera kwa 'Abdu'l-Bahá. Koma ena polifotokoza amathamangira kunena kuti wopanda makhalidwe abwino adzakhala ngati wolumala kumwamba, osaona kuti pamphasa yomweyo pakhala munthu amene ndodo zake zatsamira khoma. Mawu otere amamuuza kuti thupi lake ndi chithunzi cha kulephera. Fanizolo silinena zimenezo. Tilisamale polankhula.

Tichenjezanenso za chinthu china chachikulu. Chiphunzitso chakuti mzimu sudulidwa n'choona, koma chikhoza kusanduka njira yothawira. N'kosavuta kulowa m'nyumba ya munthu, kumuuza kuti mzimu wake uli bwinobwino, kupemphera, n'kutuluka, iye n'kutsala akuganiza mmene akafikire ku chimbudzi mvula ikugwa. Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Ngati tikukhulupiriradi kuti munthu yense watsala, ndiye kuti tiyenera kumufunira zonse zimene munthu wathunthu amafuna: ntchito, banja, mawu pa bwalo, malo pa Phwando. Chiphunzitsochi sichitipeputsira katundu. Chimationjezera.

Ululu wa phazi limene kulibe

Pali chinthu chimene odulidwa ambiri amachibisa poopa kutchedwa amisala. Mwendo unachotsedwa, koma iwo amaumvabe. Chala chachikulu chimayabwa. Chidendene chimatentha ngati chapondera pa khala. Nthawi zina phazi lonse limakhala ngati lapanidwa ndi chitseko. Munthu amadzuka usiku tulo tili m'maso, naponda ndi mwendo umene kulibe, nagwa, bala n'kung'ambika. Kwathu kuno zotere zikachitika, mawu amene amafulumira kutuluka ndi akuti amulodza, kapena kuti wina akuseweretsa mwendo uja kumene unatayidwa. Mabanja amadana pa nkhani imeneyi, ndipo ndalama zimene zikanagula ndodo zimathera kwa oombeza.

Si ufiti, ndipo si misala. Madokotala anachidziwa kalekale. Ambroise Paré, dokotala wa asilikali wa ku France, analemba za icho m'zaka za m'ma 1500, ndipo Silas Weir Mitchell wa ku America anachifotokoza mwatsatanetsatane atasamalira asilikali odulidwa ziwalo pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko lawo ya m'ma 1860. Chimene chimachitika n'chakuti ubongo uli ndi malo ake amene umamvera chiwalo chilichonse. Mwendo ukachoka, malo aja amatsala, ndipo mitsempha yodulidwa ija imapitiriza kutumiza uthenga. Ubongo umamasulira uthengawo monga unazolowera, kuti phazi likupweteka. Ambiri mwa odulidwa amamva zimenezi, ena pang'ono, ena kwambiri, ndipo kwa ambiri zimanka zichepa pakapita miyezi.

Thandizo lilipo. Pali mankhwala a ululu wa mitsempha amene achipatala amapereka, osiyana ndi panado wa pa golosale. Kusisita ndi kugogoda pang'onopang'ono mbali yotsalayo bala likapola kumathandiza. Palinso njira ya galasi, imene V. S. Ramachandran anaiyambitsa m'ma 1990: munthu amakhala pansi, naika galasi loonera pakati pa miyendo moyang'ana mwendo wabwinowo, ndipo akamagwedeza phazi lotsalalo, maso amaona ngati mapazi onse awiri akugwedezeka. Kwa ena ululu umatsika. Galasi lotere lili m'nyumba zambiri, koma ndi bwino a mafizo ayambe asonyeza kachitidwe kake.

Ena mwa ife angakopeke kunena kuti kumva phazi limene kulibe ndi umboni wakuti mzimu ulipo. Tisatero. Imeneyi ndi ntchito ya ubongo ndi mitsempha, ndipo chikhulupiriro chathu sichifuna kubwereka umboni wosakhala wake. Bahá'u'lláh ndi 'Abdu'l-Bahá anatiphunzitsa kuti chipembedzo ndi sayansi ziyenera kuyendera limodzi, ndipo pa nkhani iyi kuyendera limodziko n'kosavuta: munthu akatiululira kuti phazi limene kulibe likumuwawa, timukhulupirire, timuuze kuti sali yekha, timuperekeze ku chipatala.

Bondo

Mu Kitáb-i-Aqdas, buku la malamulo limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873, Bahá'u'lláh anatilamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Lamuloli limaoneka laling'ono mpaka tsiku limene dokotala anena kuti mwendo uyenera kuchoka. Tonse tamvapo za anthu amene atamva mawu amenewa anathawa m'chipatala usiku, achibale atawanyamula, kupita kukayesa zitsamba. Sitingawaseke. Mantha ake ndi aakulu, ndipo ena amaopa kuti kudulidwa ndiko kufa kumene. Koma mwendo ukayamba kuola, kuolako sikudikira kuti banja limalize kukambirana. Kumakwera. Amene akanataya zala amadzataya phazi. Amene akanadulidwa pansi pa bondo amadzadulidwa pamwamba pake. Ena sabwerera n'komwe, chifukwa poizoni wa chilondacho amalowa m'magazi.

Bondo ndi chuma. Munthu wodulidwa pansi pa bondo, akapeza mwendo wochita kupanga womukwana bwino, amatha kuyenda mtunda, kupalasa njinga, kulima, mwina anthu osazindikira n'komwe. Wodulidwa pamwamba pa bondo amafunika mwendo wokhala ndi bondo lochita kupanganso, ndipo kuyenda nawo kumadya mphamvu zambiri, kotero kuti okalamba ambiri amatopa nawo n'kuusiya pakona. Choncho masiku atatu amene banja likuzengereza akhoza kusintha zaka makumi atatu za moyo wa munthu. Ngati tili pafupi ndi banja lotere, ntchito yathu si kuwakakamiza ayi, pakuti thupi ndi la mwini wake. Ntchito yathu ndi kukhala nawo pansi, kuwathandiza kufunsa dokotala mafunso onse, ndipo ngati n'kotheka kuwabweretsera munthu amene anadulidwa kale ndipo akuyenda. Mawu a munthu woteroyo amalemera kuposa athu.

Bondo likhozanso kutayika kunyumba, opaleshoni itayenda bwino. Munthu akamakhala tsiku lonse bondo lili chopinda, kapena achibale mwachifundo akamamuikira pilo pansi pa bondo kuti amve bwino, minyewa imafupika ndipo bondolo limakana kuwongoka. Likatero, kumuveka mwendo wochita kupanga kumavuta kwambiri. N'chifukwa chake a mafizo amalangiza kugona chafufumimba kwa kanthawi tsiku lililonse, kuwongola bondo, ndi kumanga mbali yotsalayo ndi bandeji m'njira imene iwo amaphunzitsa, kuti kutupa kuphwe. Wa matenda a shuga aziyang'ananso phazi lotsalalo tsiku ndi tsiku, pakati pa zala ndi kunsi komwe, asayende wopanda nsapato, asaliwotche pamoto, chifukwa matendawa amapha mitsempha yomvera ndipo munthu akhoza kupsa kapena kulasidwa osamva. Phazi limenelo tsopano likusenza katundu wa awiri.

Za miyendo yochita kupanga tinene zoona. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limanena kuti mwa anthu 10 ofunika zipangizo zotere, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amazipeza. Kuno kwathu malo opangira miyendoyi ndi owerengeka: pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi pa Mzuzu Central. Malo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la 500 Miles, limene anayambitsa ndi Olivia Giles, loya wa ku Scotland amene iye mwini anadulidwa manja onse ndi mapazi onse mu 2002 atadwala matenda oumitsa khosi. Tisadumphe mfundo imeneyi. Amalawi ambiri akuyenda lero chifukwa cha ntchito ya mayi amene ena akanamuona ngati wongofunika kusamalidwa basi.

Mwendo sugulidwa ngati nsapato pamsika. Amayeza munthu, napanga chibowo cholowetsamo mbali yotsalayo molingana ndi thupi lake, namuphunzitsa kuyenda, ndipo amafunika kubwererako chifukwa mbali ija imaphwa pakapita miyezi ndipo mwendo umayamba kugwedera n'kumatupsa. Mwana amene akukula amafunika wina pafupipafupi. Kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, chimene chimamulepheretsa nthawi zambiri si mwendowo koma thiransipoti ya anthu awiri, kangapo, ndi chakudya cha masiku amene akhale kumeneko. Apa mpamene Bungwe Lauzimu la m'dera, kapena gulu lophunzira ngati lathuli, lingathe kuchitapo kanthu kooneka. Mutu umodzi susenza denga.

Kuchokera pa khomo kukafika ku chimbudzi

Tiyeni tiyende ndi maso a m'mitima yathu pa khomo la kumudzi, tili ndi mwendo umodzi ndi ndodo ziwiri. Tadzuka pamphasa. Kuchoka pansi kuti tiimirire ndi mwendo umodzi ndi nkhondo yoyamba. Pakhomo pali chitunda cha khonde, ndipo kunja kwagwa mvula, dothi likuterera, mphira za kunsi kwa ndodo zinatha kale. Chimbudzi chili kuseri, khomo lake n'lopapatiza, mkati mulibe pogwira, ndipo n'chofuna kunjuta. Munthu wa mwendo umodzi anganjute bwanji? Ambiri amakhala pansi penipeni, manja pa dothi la m'chimbudzi. Ena amayamba kudya pang'ono ndi kumwa madzi pang'ono kuti asamapiteko kawirikawiri. Bambo amene dzana anali mutu wa banja amayenera kuitana mwana wake wamkazi kuti amugwirizize. Mayi amadikira mdima kuti anthu asamuone akukwawa.

Zimenezi sizinenedwa kwa alendo. Tikapita kukacheza n'kufunsa kuti muli bwanji, adzatiyankha kuti ndili bwino, kaya inu. Koma ulemu wa munthu umathera pamenepa, pa mtunda wa mapazi makumi awiri umenewu, ndipo ambiri amene amati moyo wawakola sanena za mwendo weniweniwo koma za manyazi a tsiku ndi tsiku amenewa. Chodabwitsa n'chakuti kukonza kwake n'kotchipa. Mpando wathabwa woboola pakati, woikidwa pa dzenje. Mtengo wolimba wozikidwa pambali kuti agwire, kapena chingwe chomangidwa ku denga. Khomo lokulitsidwa pang'ono. Kanjira kothiridwa zidutswa za njerwa. Chitunda cha khonde chosalazidwa kuti chikhale chotsetsereka. Kampando m'bafa. Bedi, ngakhale la nsungwi, kuti asamadzuke kuchokera pansi. Mphira zodulidwa ku tayala lakutha, zokhomedwa kunsi kwa ndodo. Gulu la achinyamata achisodzera limene likusakasaka ntchito yotumikira mudzi likhoza kumaliza zambiri mwa izi Loweruka limodzi, mmisiri mmodzi akuwatsogolera.

Koma tisafike ndi makasu ndi macheka tisanafunse. Mwini nyumba ndiye akudziwa pamene pakumuvuta, ndipo mwina chimene ife tikuchiona ngati vuto iye anachipezera kale nzeru. Kufunsana kumene timaphunzira sikuti n'kwa pa misonkhano pokha. Nkhani ya chimbudzi afunse munthu mmodzi amene amamasukirana naye, bambo kwa bambo, mayi kwa mayi, osati gulu lonse litazungulira.

Kwa amayi katundu amakhala wowirikiza. Manja onse awiri ali pa ndodo, ndiye ndowa ya ku mjigo aisenza bwanji, nkhuni atola bwanji, mwana abereka bwanji? Ndipo tikudziwa zimene zimachitika m'mabanja ena: mwamuna akadulidwa, mkazi amakhala pambali pake mpaka imfa, mkazi akadulidwa, mwamuna amayamba kuchedwa ku msika, kenako amatumiza uthenga kwa ankhoswe kuti akam'tenge akapumeko kwawo. Ife amene timanena kuti mwamuna ndi mkazi ndi mapiko awiri a mbalame imodzi sitingakhale chete pa zotere. Bambo wa Chibahá'í amene mkazi wake wadulidwa mwendo asenze ndowa, aphike nsima, anthu aseke ngati akufuna. Ana nawonso aziuzidwa mwambi uja wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Makolo athu ankaunena mophiphiritsa, koma pa khomo lotere ulibe chophiphiritsa chilichonse. Tikumbukirenso wosamalira wodwalayo, amene nthawi zambiri ndi mtsikana wa sukulu. Ngati iye wasiya kalasi kuti azitunga madzi, mwendo umodzi uja walumalitsa anthu awiri.

Ntchito

Bahá'u'lláh analamula kuti aliyense akhale ndi ntchito, luso kapena malonda, ndipo anakweza ntchito yogwiridwa motero kuti ikhale kupembedza. M'buku lomwelo analetsa kupemphapempha, naletsanso kupatsa amene wasandutsa kupempha kukhala ntchito yake. Lamuloli ena amaligwira kumsonga. Amadutsa munthu wa mwendo umodzi pa depoti ya mabasi ku Limbe kapena ku Lilongwe, mtima uli mbee, akuti chipembedzo chathu chimaletsa. Koma ndime yomweyo imapitiriza kunena kuti amene sangathe kudzipezera zosowa, udindo womusamalira uli pa oimira Mulungu ndi pa anthu opeza bwino. Lamuloli silinaperekedwe kuti likhale chikwapu cha pa msana wa wopempha. Likutifunsa ife kuti munthu ameneyu anafika bwanji pa depoti, ndipo ndani anatseka makomo ena onse.

Pakuti makomo amatsekedwadi. Amene ankadalira ganyu wolima salembedwanso. Wa kabaza njinga yake inagulitsidwa kuti alipire za ku chipatala. Ku banki m'khonde ena amanyinyirika kumubwereketsa, akuti abweza ndi chiyani. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo linalikonzanso mu 2024, koma lamulo silingalowe m'mutu wa munthu amene waganiza kale kuti wodulidwa mwendo ndi wothandizidwa basi.

Komatu ntchito zambiri za m'midzi ndi m'matauni mwathu zimagwiridwa munthu atakhala pansi: kusoka, kukonza mafoni ndi mawailesi, kukonza nsapato ndi njinga, kuluka mphasa ndi madengu, kuumba mbaula, kugulitsa mu okala, kutumiza ndi kulandira ndalama pa foni, kuweta nkhuku ndi akalulu, kusunga mabuku a gulu. Makina osokera opalasa amayenda ndi phazi limodzi. Ndipo alipo alimi odulidwa pansi pa bondo amene anabwerera ku dimba. Ku India, mu 1968, mmisiri Ram Chandra Sharma ndi dokotala P. K. Sethi anapanga phazi la mphira lotchedwa Jaipur, poona kuti mapazi ochokera ku Ulaya sankathandiza mlimi woyenda m'matope wopanda nsapato ndiponso wokhala chonjuta. Anayamba ndi kuyang'ana mmene anthu awo amakhalira. Ngakhale mpira umaseweredwa ndi ndodo, osewera asanu ndi awiri mbali iliyonse, ndipo mu 2018 timu ya Angola, dziko limene mabomba okwirira analivulaza kwambiri, inatenga chikho cha dziko lonse ku Mexico.

Sitikunena kuti aliyense adzakhala katswiri. Nkhalamba ya shuga imene maso akuchita khungu ndipo impso zafooka sidzatsegula okala, ndipo kuiuza nkhani za anthu amene anapambana kukhoza kungoiwonjezera chisoni. Iyo ili m'gulu la amene buku lija likuti tiwasamalire, popanda kuwachititsa manyazi. Palinso nyengo ya maliro. Munthu amaulira mwendo wake monga amalirira m'bale, ndipo miyezi yoyamba ena safuna kuona munthu, ena amakwiyira Mulungu. Tisawadzudzule. Bahá'u'lláh mwini anadziwa ululu wa thupi: mu 1852, m'ndende ya pansi pa nthaka ya Síyáh-Chál ku Tehran, mapazi ake anali m'matangadza ndipo unyolo wa m'khosi unamusiyira zipsera moyo wake wonse. Chipembedzo chathu sichiti ululu ndi bodza. Koma chisoni chikapitirira, munthu osadya, osagona, akulankhula zofuna kufa, amenewo ndi matenda ofunika chipatala monga chilonda chija, ndipo tisamusiye yekha.

Malo ake pakati pathu

Pa za mapemphero, Mulungu sanaike chitunda pakhomo. Kusamba kokonzekera pemphero lokakamizidwa n'kwa manja ndi nkhope. Mwa mapemphero atatu aja munthu amasankha limodzi, ndipo lalifupi, la pakati pa masana ndi kulowa kwa dzuwa, lilibe kugwada kapena kugunditsa mphumi pansi. Kutchula Alláh-u-Abhá ka 95 tsiku lililonse kumachitika munthu atakhala pansi. Ofooka ndi matenda anamasulidwa ku pemphero lokakamizidwa ndi ku kusala kudya kwa masiku 19 kwa mwezi wa Malichi, ndipo wa shuga amene dokotala wamuletsa kusala asadzione wolakwa. Zitunda zimene zilipo tinaumba ndife.

Taganizani za Phwando la Masiku Khumi ndi Asanu ndi Anayi. Timalichitira kuti? Ngati ndi kutsidya la mtsinje, kapena pa nyumba ya masitepe asanu, kapena usiku kopanda mwezi, ndiye kuti tasankha kale amene sabwera. Mwezi woyamba timati akadali kudwala. Wachiwiri timati tisamuvutitse. Pofika wachisanu dzina lake silitchulidwanso, ndipo palibe amene anamuchotsa. Chifundo chimene chimati khalani, musavutike, tichita ndife, chimamveka chokoma, koma chikanenedwa kambirimbiri chimamuuza munthu kuti sakufunikanso. Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza; amene tikumusiya lero anali kutsogolo kwathu chaka chatha.

Njira ina ndi yomufuna. Osati kumuchezera kokha, koma kumupempha kanthu. Kalasi ya ana ikhoza kukumana pa khonde lake, iye n'kukhala mphunzitsi, pakuti kuphunzitsa ana pemphero ndi nthano sikufuna miyendo iwiri. Msonkhano wa mapemphero ukhoza kukhala kwake, iye n'kumalandira alendo monga mwini khomo. Ngati anamaliza mabuku oyenera, atsogolere gulu lophunzira. Ngati amadziwa masamu, athandize msungichuma. Pa chisankho cha Bungwe Lauzimu pa Ridván, pamene aliyense wa zaka 21 kupita m'mwamba angathe kusankhidwa ndipo palibe kutchula maina kapena kukopa anthu, tidzifunse m'mitima ngati dzina lake talidumpha chifukwa cha khalidwe lake kapena chifukwa cha ndodo zake. Ndipo pamene wina m'mudzi wauzidwa kuti mwendo uchoka, munthu woyamba kumutuma kumeneko ndi iyeyu, chifukwa akudziwa zimene ife sitidziwa.

Ngakhale kalankhulidwe. Dzina lake analipo nalo asanadulidwe, ndipo ndi lomwelo. Ana a m'kalasi zathu akamutcha wa mwendo umodzi uja, tiwakonze modekha, ndipo ife akuluakulu tiyambe. Tisagwire ndodo zake kapena kukankha chikuku chake tisanamufunse, chifukwa zimenezo tsopano zili ngati ziwalo za thupi lake. Polankhula naye tiyang'ane iye, osati womuperekeza.

Tisanatseke ndi pemphero la machiritso, tiyeni titenge mphindi zochepa tikambirane zinthu ziwiri. Choyamba, m'dera lathu lino ndani amene anasiya kuoneka pa Phwando kapena pa mapemphero chifukwa kuyenda kunayamba kumuvuta, kaya ndi wa Chibahá'í kaya ndi mnansi wa mpingo wina kapena wa ku mzikiti? Tisalembe maina pa pepala lino. Titchulirane pakamwa, mwaulemu. Chachiwiri, ndani mwa ife amene amamasukirana naye kotero kuti angapite sabata ino kukamufunsa ngati Phwando likudzali lingachitikire pakhomo pake, ndiponso ngati angavomere kusankha ndi kuwerenga zolembedwa zopatulika za tsikulo? Amene apite atenge mphasa ziwiri zapadera, kuti mwini nyumba asade nkhawa ndi pokhala alendo.